Nthambi za Achimwene Nitai

Thenpara, Kerala
17 Sepitembala 2006

Make Shefali,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi amayi, Shefali ndi Jalil. Ine ndilipo mwa chifundo cha Mulungu, kungoti miyendo yanga ukanaiona ukanakankhira mbale kutali.

Usalembenso ku keyala ya ku Perumbavoor, kufakitale ya matabwa kuja tinachokako. Lamlungu lina ine ndi achimwene Nitai tinakwera mitengo ya kokonati ya mayi wina kuti tipezeko ya tiyi. Munthu wina wamimba, dzina lake Kuriakose, anaima pansi n'kumatiyang'ana ngati akusankha ng'ombe pamsika. Titatsika anati, "Inu Abengali, mumakwera chilichonse?" Achimwene Nitai, ukuwadziwa pakamwa pawo, anati, "Bwana, ife tinayamba kukwera kanjedza tisanamere mano. Bola chikhale ndi khungwa." Ndi momwe tapezekera kuno. Kuriakose yemweyo ndiye kapitao wathu.

Kuno ndi kumapiri, m'nkhalango yoti dzuwa limafika pansi ngati madontho. Kanjedza wathu wamtali wa kudziwe uja usanjikize asanu, ndiye wafika kunsonga ya mtengo wa kuno. Eni ntchito ndi anthu a sukulu yaukachenjede. Amene tikukhala naye kumsasa ndi mtsikana wamagalasi, wochepa thupi, timamutcha Madamu Sreelekha. Akuti akuyeza momwe masamba amadyera dzuwa ndi momwe amapumira. Seka, nanenso ndinaseka. Ife yathu ndi kukwera n'kumutsitsira nthambi.

Za misundu ndiye usanene. Si ija ya m'dziwe yodikira kuti ulowe m'madzi. Ya kunoyi imakhala pamtunda, imaima njo pa masamba ogwa n'kumagwedeza mutu, ndipo ikamva phazi imabwera ngati ana akaona wogulitsa maswiti. Dzulo ndinathothola khumi ndi inayi, wina pamalo poti sindingalembe, poti mwina amayi apempha kuti uwawerengere kalatayi. Timapaka fodya ndi mchere, koma imangothokoza kuti ndiwo zakolera.

Mpunga wa kuno ndi wofiira, wonenepa, fungo lake ngati chakudya cha ng'ombe. Chilichonse kokonati: mu mphodza kokonati, mu nsomba kokonati, m'tsitsi mwawo kokonati. Mafuta a mpiru sawadziwa n'komwe. Achimwene Nitai akuti akafera kuno tisawawotche, chifukwa ndi mafuta ali m'thupimo ayaka sabata yathunthu.

Ndatumiza marupi 1,500 pa positi. Gula malata awiri a pakhitchini mvula ya kumapeto isanakuvute, yotsalayo mankhwala a amayi. Uwauze alamu, akazi a achimwene Nitai, kuti amuna awo ali bwino, akudya ngati anthu awiri ngakhale akutukwana mbale iliyonse.

Ndine mwamuna wako,
Hekmat

Thenpara
8 Okutobala 2006

Make Shefali,

Moni kwa iwe ndi onse pakhomopo. Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti chifuwa cha Jalil chapola. Ine ndikusala kudya bwinobwino, ngakhale kukwera m'mimba muli gwa kumachititsa mdima m'maso.

Wafunsa kuti ntchito yake ndi yotani kwenikweni. Mtengo uliwonse uli ndi nambala pa kachitsulo. Madamu amatigawira, uwu wa Hekmat, uwu wa Nitai. Iye amatsala pabwalo la kumsasa ndi makina ake, ife timalowa m'nkhalango ndi Kuriakose, amene ntchito yake ndi kukhala pamwala n'kumasuta. Timakwera kukangocha, mpaka kunsonga kwenikweni, chifukwa Madamu akufuna masamba a padzuwa okhaokha. Nthambi sitiiponya, timaitsitsa pa chingwe ngati khanda. Pansi timailowetsa m'ndowa ya madzi n'kuidulanso mkati mwa madzimo, akuti kuti isadziwe msanga kuti yafa. Tikafika nayo, Madamu amapanitsa tsamba limodzi m'kamwa mwa makina n'kumadikira manambala. Masamba ena amawakulunga m'pepala lasiliva kuti aziyesa kwada, ndiye amayeza kupuma kwake. Akatha apo amaliyeza kuchindikala, amalijambula, amaliumitsa mu uvuni, amaliika pa sikelo. Tsamba, Make Shefali! Iwe uli ndi pakati pa Jalil panalibe anakuyeza n'kamodzi komwe.

Makinawo amagona m'bokosi la matiresi, mouma bwino. Ife timagona m'shedi yodontha, bulangete langa lachita chuku, ndikafunda ndimanunkha ngati buledi woiwalika. Tsiku lina ndinangogwira bokosilo kuti ndimuthandize Madamu kuwoloka kamtsinje, Kuriakose anandimenya dzanja. "Chotsa! Ichi chingagule mudzi wanu wonse ndi anthu omwe." Madamu anamukalipira m'chiyankhulo chawo, kenako anandiuza m'Chihindi chake chothyokathyoka, "Nyamula, Hekmat, ndatopa." Ndinanyamula. Koma makapu athu a tiyi akadali pa msomali wawokha, kuseri kwa khitchini.

Mtsikanayu amagwira ntchito, ndisaname. Amakhala pa tsamba limodzi mpaka tiyi wake kugweramo ntchentche, misundu ikumuyamwa iye osamva. Akuti akufuna kudziwa ngati mitengoyi idzapirire dziko likamatentherabe. Ndinamufunsa kuti akadziwa adzaiuza chiyani mitengoyo. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Achimwene Nitai pakamwa ndi ukwati wa mwana wawo Purnima basi, kuti mu Januwale kumapeto adzaimika chihema chimene mudzi sunaonepo. Komanso masiku ano akufulumira modabwitsa. Mtengo umene ine ndimatha ola ndi theka, iwo theka la ola atsika kale. Ndinawayamikira, sanaseke. Safunanso kuti ndiziyandikira pansi pa mtengo wawo. Izi usawauze alamu, mwina ndine amene ndikukalamba.

Pa Idi sindibwera, ulendo wake ndi masiku atatu pa sitima. Uwagulire ana zovala, za Shefali zikhale zokulirapo.

Ine,
Hekmat

Thenpara
5 Novembala 2006

Make Shefali,

Mtendere ukhale nanu nonse. Thupi langa lili bwino. Idi ndinadyera kuno, chinangwa ndi nsomba ya kokonati, swala ndinapemphera ndekha pamwala. Kalata ino uwerenge uli wekha.

Lachiwiri lapitalo mtengo wanga unali wosavuta, ndinatsika msanga n'kupita kumene kunali achimwene Nitai. Ndinawaona ali pa mphanda ya m'munsi, atakumbatira mtengo ngati mwana wamantha, maso atatsinzina. Pamwamba pawo mtengo wonse unali usanakwereke. Anatambasula dzanja n'kudula nthambi ya pamthunzi pomwepo.

Atatsika ndinati, "Achimwene, kodi imeneyi ndi ya padzuwa?"

Anati, "Dzuwa lake ndi lomweli, mphwanga. Kapena kwanu kuli lina?"

Sindinaseke. Tinanyamula ndowa, tinayenda, ndiye pa kamtsinje anakhala pansi. Anati, "Chindigwereni thabwa lija m'khosi kufakitale, dzanja lamanzereli limafa ndikakwera. Mutu umazungulira ngati mphero. Ndikapitirira mphanda yoyamba ndigwa, ndikudziwa. Ufuna Purnima akaperekedwe ndi mtembo?"

Ndinafunsa ngati Kuriakose akudziwa. Anaseka chonyansidwa. "Nzeru yake ndi ya iyeyo. Akuti tsamba ndi tsamba, mtsikanayo angakwere kukaona? Akandichotsa ine, naye ndalama yake ichepa."

Ndinapita kwa Kuriakose kukapempha kuti ndizikwera mitengo yonse iwiri, achimwene azingogwira chingwe. Anati, "Nthambi zonse zizifika dzuwa lisanakwere. Uli ndi mapiko? Tseka pakamwa, Bengali, pakhomo la fakitale paima anzako zana ofuna malo ako."

Ndiye dzana Madamu anandiitana. Anatsegula buku lake. Anati, "Hekmat, iwe umaidziwa mitengo. Iwiri iyi ndi ya mtundu umodzi, msinkhu umodzi, phiri limodzi. Uwu ukudya ngati mnyamata, uwu ngati nkhalamba yodwala. Chifukwa chiyani?"

Ndinati, "Kaya, Madamu. Ine ndine wokwera chabe."

Patangotha masiku khumi chimalizire kusala, Make Shefali. Ndinapita kuseri kwa shedi n'kulavula, n'kulavulanso, koma m'kamwa simunayere. Misundu ndi bwino, imayamwa munthu poyera.

Koma tandiuza, ndikanatani? Bambo atamwalira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amene anandimanga chingwe m'chiuno n'kundikankhira m'kanjedza ndi achimwene Nitai. Mpeni wanga woyamba anandinolera ndi iwo. Anthu ankawanena kuti iwo Mhindu akuphunzitsiranji mwana wa Asilamu, iwo ankati kanjedza safunsa dzina.

Chaka chino sindibwera kudzasema kanjedza wathu kuti tizitchera madzi ake a shuga m'mitsuko. Mitengo khumi ndi iwiri ija usamupatse wosema mnzathu Rafique, amasema ngati akupha mbuzi. Mitsuko uitsuke, uifukize utsi, uidikirire. Ndikuuza chochita.

Hekmat

Thenpara
26 Novembala 2006

Make Shefali,

Ndikupatsa moni, amayi uwagwire mapazi m'malo mwanga. Ndamva kuti kwanuko kuzizira kwayamba ndipo anthu ayamba kuphika madzi a kanjedza. Ndikatseka maso ndimamva fungo lake, ndikatsegula ndi chuku. Thupi lili bwino, kupatula bala la msundu pa kakolo limene likukana kupola.

Sabata yatha kunabwera mwini ntchito, Pulofesa Raghunandan, mphunzitsi wa Madamu. Masiku awiri tinasesa. Kusesa masamba m'nkhalango! Kuriakose anatiuza kuti tiwaze mchere njira yonse kuti misundu isamulawe bwanayo, mchere womwe ife amatipatsa pa supuni.

Anabwera ndi wojambula zithunzi. M'galimoto anatulutsa chipewa cholimba chachikasu, malamba ndi chingwe chatsopano chonyezimira. Anandiveka, anati ndikwere pang'ono, ndigwire nthambi, ndiyang'ane kumwamba. "Seka! Seka! Kodi kwanu simuseka?" Ndinaseka ngati galu woona fupa. Atatha anandivula zonse n'kubwezera m'galimoto. Ife tikukwerabe ndi chingwe chathu chakale chija. Dzina langa sanandifunse.

Atadya nkhuku, Madamu anamuonetsa buku la manambala. Anayankhula Chingelezi, koma kukalipa sikusowa womasulira. Anamukalipira pamaso pathu, pamaso pa wophika, pamaso pa dalaivala. Kuriakose anatimasulira pambuyo pake, akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso. Akuti anamuuza kuti makina sawadziwa, miyezi itatu waitaya m'madzi, bola akanatuma mwamuna, ndipo ngati nkhalango yamukanika abwerere kwa bambo ake akamupezere banja. Madamu anangoima, magazi a misundu akutuluka m'sokosi.

Achimwene Nitai anali pambali panga. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana zala za kumapazi.

Chichokereni galimoto ija mtsikanayu sakudya. Wamasula makina onse, wapukuta, wasintha mankhwala ake, wayezanso. Akuganiza kuti cholakwa chili m'manja mwake. Dzulo ndinamumva akudzitukwana yekha. Ndipo m'mawa uliwonse timamubweretsera ndowa ziwiri, ina yoona ina yabodza, iye n'kumati zikomo.

Wophika anandiuza kuti bambo ake a Madamu ndi kondakitala wa basi, anagulitsa munda kuti mwanayu aphunzire. Sindinafune kumva zimenezo, koma ndamva.

Shefali asajombe kusukulu chifukwa cha zokolola. Ngati manja akuchepa lemba waganyu.

Za kanjedza ndisanaganize. Mutu wanga suli pamalo.

Hekmat

Thenpara
10 Disembala 2006

Make Shefali,

Moni. Ndili moyo.

Ndanena.

Lachitatu ndinapeza Madamu akumanga bokosi la makina kuti alitumize kumzinda, ndipo wophika anati walembanso kalata yosiya sukulu. Sindinauze munthu. Ndinapita pa mtengo nambala 47, umene anakwera achimwene Nitai mwezi watha. Ndinadula kanthambi kunsonga, kena pa mphanda ya m'munsi, ndinabwera n'kuziika pa tebulo pake. Tsamba la pamwamba ndi laling'ono, lochindikala, lolimba ngati chikopa. La pansi ndi lalikulu, lopyapyala, lobiriwira mwakuda.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Mtengo umodzi?"

"Umodzi, Madamu."

Anatsegula buku. "Nditchulire."

Ndinatchula mitengo khumi ndi isanu ndi inayi. Pofika wachisanu anali ataona kale kuti yonse ndi ya munthu mmodzi. Ndinamuuza za dzanja lawo, za ukwati, za Kuriakose. Ndinamupempha, ine amene sindinapemphepo mkazi chilichonse kupatula iwe. Anati sadzawachotsa, azinyamula ndowa ndi kugwira chingwe. Kenako anandifunsa, "Tsiku lija ndinakufunsa unkadziwa?" Ndinati eya. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Koma ndi mwana, mkwiyo unamukwera, anapita kwa Kuriakose. Iye analumbira atagwira mtanda wa m'khosi kuti sankadziwa kanthu, kuti Abengali onse ndi akuba. Madamu anati amusiye munthuyo, iye anati antchito ndi ake, si a sukulu. Anatenga chikwama cha achimwene Nitai n'kuchiponya m'matope.

Ndinathamanga kukachitola. Achimwene anandilanda. Anati, "Ndinakumanga chingwe m'chiuno uli ndi mamina. Lero wandigulitsa kwa mtsikana wa masamba."

Ndinati, "Achimwene."

Anati, "Mchimwene wako ndani?" Anandilavulira pa phazi n'kutsika phiri wapansi, galimoto ya ndiwo anaikana.

Afika kumudzi kalata ino isanafike. Chilichonse chimene anene, usayankhe. Alamu akakutukwana, weramitsa mutu.

Tsono za kanjedza. Uwapatse achimwene Nitai mitengo yonse khumi ndi iwiri, aseme chaka chino, madzi ndi shuga zonse zawo, ife tisalandire kalikonse. Ndi yaifupi, aikwanitsa. Mitsuko uwapatsenso. Usanene kuti ndanena ndine, apite amayi akanene ngati maganizo awo.

Hekmat

Thenpara
4 Febuluwale 2007

Make Shefali,

Asalamu alaikumu. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Pepa kuti ndinakhala chete, zolemba zinalipo koma dzanja linkakana. Ndili bwino. Misundu yachepa poti kwauma, m'malo mwake kwabwera nkhupakupa zazing'ono ngati tsabola wosinja. Dziko lino silisowa chokuluma.

Ndamva kuti ukwati wa Purnima wachitika ife osaitanidwa, mwana amene iwe unamuboola makutu. Ndamva kuti pa mjigo alamu amachotsa mtsuko wawo ukayandikira, ndi kuti pa tiyi amuna akuti ndinawachotsetsa achimwene kuti ndizidya malipiro a anthu awiri. Uwauze, kapena ayi, usawauze. Malipiro anga ndi omwe aja. Chimene chawirikiza ndi mitengo.

Ukufuna kudziwa kuti choonadi changa chinagula chiyani? Madamu anatsika kutauni kukamuimbira Pulofesa uja. Anabwera nkhope itatupa. Akuti anamuuza kuti lipoti likufunika mwezi uno, manambala awasiye momwe alili, angochotsamo awiri atatu oonekera kwambiri. Akuti, "Ndani adzakwere kukaona?" Mawu omwe aja a Kuriakose, kungoti awa anatuluka m'kamwa motsuka. Madamu anakana. Bwanayo anati ngati akufuna kuyezanso ayeze ndi ndalama za bambo ake.

Ndiye tikuyezanso. Ndimadzuka kusanayere, ndimakwera mtengo wa tsikulo, kenako umodzi mwa ija ya achimwene Nitai ngati dzuwa lalola. Lamlungu ndimakwera iwiri. Yatha khumi ndi umodzi. Zikhatho zang'ambika, ndimamanga nsanza. Madamu anafuna kundipatsa ndolo zake, ndinakana. Ndikanalandira, a pa tiyi aja akanakhala kuti akunena zoona.

Dzana anandiitana kuti ndione pa makina. "Taona, Hekmat! Uwu tsopano ukudya ngati mnzake!" Anawomba m'manja ngati Shefali akakhoza mayeso. Ndinati, "Chabwino, Madamu." Ndinkayesa kuti mtima upepuka. Ayi ndithu.

Walemba kuti achimwene analandira mitengo ija, ndi kuti mitsuko ikudzaza kawiri kuposa zaka zonse, anthu mpaka akudabwa. Make Shefali, kanjedza sadzaza choncho. Upite masana iwo kulibe, ukaime pansi, ukaone kuti asema mozama bwanji. Undilembere msanga.

Hekmat

Thenpara
18 Malichi 2007

Make Shefali,

Moni kwa iwe, kwa ana ndi kwa amayi ngati akulola kumva dzina langa. Kalata yako ndawerenga katatu.

Isanu ndi inayi mwa khumi ndi iwiri. Ukuti nsonga zagwa, mkati mwawola, mukutuluka mphutsi. Rafique akuti mwina dzanja lodwala lija linaterereka. Dzanja limaterereka pa mtengo umodzi. Munthu amene anandiphunzitsa kuti ukapitirira chala chimodzi wabaya mtima wa kanjedza sangalakwitse kasanu ndi kanayi. Anadziwa chimene akuchita, ndipo anadziwa kuti amene anaibzala ndi bambo anga.

Usapite ku bwalo la mudzi. Alongo ako akafuna kukachita phokoso uwaletse. Yakufayo muisiye iime, ndidzagwetsa ndekha.

Kuno mitengo khumi ndi isanu ndi inayi ija yatha, wotsiriza ndinakwera Lachisanu. Tsiku lomwelo galimoto ya ndiwo inabweretsa phukusi la Madamu. Linali lipoti la Pulofesa, atalisindikiza kale pa mapepala onyezimira, manambala ake omwe aja abodza. Pachikuto pali ine. Chipewa chachikasu, chingwe chatsopano, mano onse pamtunda. Ndinamupempha Madamu kuti andiwerengere zolembedwa m'munsi mwake. Anazengereza, ndinaumirira. Akuti ndine mwana wa nkhalango ino, wa mtundu wa anthu a m'mapiri muno, amene makolo ake akhala akuidziwa mitengoyi kuyambira kalekale. Ine, Hekmat Mondal wa ku Majdia, amene mpaka lero dzina la mtengo ngakhale umodzi wa kuno sindilidziwa, ndimangodziwa manambala.

Wophika anati ndilitenge ndikaonetse ana. Ndinalibweza pa tebulo. Nkhope yanga aimata pa bodza lomwe ndinatayira mchimwene kuti ndilichotse.

Madamu akupita mawa. Akuti manambala oona awalemba m'buku lake la mayeso, ndipo akakaniza akapita nawo kwa akuluakulu ena. Mwina apambana, mwina amudya. Anandifunsa dzina langa lonse ndi la mudzi, analemba mosamala, anandipempha kuti ndimukhululukire za achimwene Nitai. Ndinati iye sanalakwe. Ndinafuna kunena kuti nanenso sindinalakwe, koma mawuwo sanatuluke.

Kuriakose anandiitana dzulo, anandipatsa tiyi m'kapu ya m'khitchini, ya iwo eni. Akuti mvula ikatha kukubwera azungu ndi makina awiri, akufuna okwera asanu ndi mmodzi. "Iwe ukhala kapitao wawo, Hekmat. Kabweretse anyamata a kwanu, amphamvu, osayankhula kwambiri." Aka kanali koyamba kunditchula dzina. Ndinathira tiyiyo pansi iye akuona, kapu ndinaika pamwala bwinobwino.

Ndifika Lachinayi la sabata yamawa pa sitima ya masana. Usatume munthu kudzandichingamira. Ndidzera njira ya kwa achimwene Nitai dzuwa likuswa mtengo, ndikaima pa chipata chawo ndi chikwama changa. Zoti ndikanene sindikudziwa. Kupepesa sindikapepesa, kutukwana sindikatukwana. Koma zoti tizizembana pamsika mpaka mmodzi adzafe, ndakana. Akatuluka, atuluka. Akapanda kutuluka, ndikaima mpaka mudzi wonse uone kuti ndinaima.

Iwe unditenthetsere madzi, ndowa ziwiri, ndi sopo amene sanasambepo munthu.

Ndine mwamuna wako,
Hekmat